KODI MPHAKA AVALE LAMBA M'KHOSI?

Ndi midzi yowerengeka m'dziko muno imene ilibe mphaka. Wina amagona kukhitchini pafupi ndi mafuwa, wina pansi pa nkhokwe, wina patsindwi la nyumba. Ntchito yake tonse tikuidziwa: amapha makoswe amene amatha chimanga chathu, kuboola matumba a mtedza ndi kuipitsa ufa. Koma ngakhale mphaka amatigwirira ntchito yaikulu chotere, ambiri a ife sitimuwerengera ngati chiweto. Ng'ombe ili ndi khola ndi mbusa, mbuzi ili ndi chingwe, galu amadziwika ndi dzina m'mudzi monse, koma mphaka amangoyenda yekha, ndipo akadutsa makomo awiri kapena atatu palibe amene anganene mwini wake.

M'matauni anthu ena amaveka amphaka awo lamba wamng'ono m'khosi, amene ena amati kolala. Anthu a kumudzi ataona zimenezi amatifunsa ife ogwira ntchito zaukhondo ngati mchitidwewu uli ndi phindu, kapena ndi kunyadira chabe kwa anthu a ndalama. Ena amati lamba amanyonga mphaka, ena amati amamuteteza. Onsewa akunena zoona, pakuti zimatengera mtundu wa lambayo ndi m'mene wamangidwira. Yankho lathu ndi lakuti mphaka angathe kuvala lamba, ndipo mudzi umapindula nazo, koma akhale lamba wotha kuduka yekha akakodwa, ndiponso avekedwe kwa mphaka yekhayo amene analandira katemera wa chiwewe.

CHIWEWE SICHISANKHA GALU YEKHA

Wina angadabwe kuti nkhani ya mphaka yalowa bwanji m'magazini ya umoyo wa anthu. Yalowa chifukwa cha matenda a chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa muno ndi ku Asia, ndipo mwa anthu khumi alionse akufawo, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Nzoona kuti pafupifupi onse amatenga matendawa kwa agalu. Komabe mphaka naye amadwala chiwewe akalumidwa ndi galu wodwala, kapena nyama yakutchire monga nkhandwe, ndipo iye amatha kupatsira munthu.

Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa m'thupi la munthu polumidwa, pokalidwa ndi zikhadabo, ngakhalenso nyamayo ikanyambita pachilonda. Kuchokera pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Kawirikawiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanayambe kudwala, koma nthawi zina ndi sabata imodzi yokha, nthawi zina chaka chathunthu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, monga kuopa madzi, kulephera kumeza ndi kusokonezeka mutu, palibe mankhwala ochiza. Munthuyo amamwalira.

Kuopsa kwa mphaka kuli pakuti sitimuopa. Mwana akalumidwa ndi galu mudzi wonse umamva, koma akakalidwa ndi mphaka amangopukuta magazi ndi kupitiriza kusewera, osauza makolo. Kuwonjezera apo ana amakonda kunyamula mphaka ndi kumuyandikiza kumaso, ndipo bala la kumaso kapena la m'khosi ndilo loopsa koposa chifukwa lili pafupi ndi ubongo.

MASIKU KHUMI

Munthu wolumidwa akafika ku chipatala, amafunsidwa mafunso atatu: nyama imene yakulumani ndi ya yani, kodi inalandira katemera, ndipo ili kuti tsopano? Mafunsowa safunsidwa mwamwambo chabe. Galu kapena mphaka amayamba kutulutsa kachilombo m'malovu ake patangotsala masiku ochepa kuti afe. Motero nyama yoluma munthu ikatsekeredwa ndi kuyang'aniridwa kwa masiku khumi, nikhala yamoyo ndi yathanzi masiku onsewo, timadziwa kuti pa tsiku lolumalo inalibe kachilombo m'malovu ake. Ikadwala kapena kufa m'masiku amenewa, achipatala ndi alangizi a ziweto amadziwa kuti chiwewe chalowa m'mudzimo, ndipo amafufuza onse amene analumidwa, anthu ndi ziweto zomwe.

Wolumidwa sadikira masiku khumiwo kunyumba ayi. Amayenera kuyamba katemera msanga monga m'mene achipatala amulangizira, ndipo ndi achipatala okha amene angagamule zosiya katemerayo ataona kuti nyama ija ili bwino. Tsono vuto ndi lakuti pa nkhani ya mphaka mafunso atatu aja kawirikawiri sayankhika. Wolumidwa amangoti anali mphaka wakuda kapena wamawangamawanga, pamene m'mudzimo muli amphaka asanu otero. Palibe mphaka woti atsekeredwe, palibe mwini woti aonetse chiphaso cha katemera, ndipo banja limakhala ndi nkhawa kwa miyezi. Apa ndipo pamene kansalu kakang'ono ka m'khosi, kolembedwa dzina la mwini, kamagwira ntchito yaikulu.

Kuika chizindikiro pa nyama yolandira katemera si chinthu chachilendo kwathu kuno. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linapereka katemera kwa agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito. Galu wolandira katemera ankapakidwa utoto pamutu, kuti owerengera akamayenda m'makwalala athe kuona ndi maso agalu amene alandira ndi amene atsala. Amafuna kudziwa zimenezi chifukwa chiwewe chimasiya kufalikira pamene agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera alandira katemera. Koma utoto umasuluka pakapita masiku ochepa. Lamba wosamalidwa bwino amanena uthenga womwewo chaka chonse.

MPHAKA WA MWINI ASAFE NGATI VUMBWE

Phindu lina la lamba ndi la mphaka mwini wakeyo. Mphaka wa mtundu wa phulusa wokhala ndi mizere amafanana kwambiri ndi vumbwe, makamaka madzulo, ndipo ambiri aphedwa pafupi ndi makola a nkhuku popanda mlandu. Ena amaponyedwa miyala chifukwa cha chikhulupiriro chakuti mphaka wachilendo wopezeka pakhomo usiku watumidwa ndi afiti. Kupha mphaka kotereku kumadzetsa udani pakati pa anansi, ndipo makoswe ndi amene amapindula. Chinanso, anyamata othamangitsa mphaka ndi kumupanikiza pakona ndi amene amalumidwa ndi kukalidwa. Munthu akaona lamba m'khosi amadziwa kuti nyamayi ili ndi pakwawo, ndipo amayamba wafunsa asanatole mwala.

LAMBA WOIPA AMAPHA

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene wafuna kuveka mphaka lamba alandirenso udindo wake, pakuti mphaka sali ngati galu. Amakwera mitengo, amalowa m'mipata ya mpanda, amadutsa pakati pa nsungwi za nkhokwe ndi mitengo ya denga, ndipo amadumpha kuchokera pamwamba. Ngozi zimene lamba amabweretsa zilipo zitatu.

Yoyamba ndi kunyongeka. Lamba akakola pa nthambi, pa msomali kapena pa waya wa mpanda mphaka ali kudumpha, amatsala ali lende, ndipo ngati lambayo saduka amafa m'mphindi zochepa. Yachiwiri imachitika ndi lamba wokhwepa kapena wotamuka. Mphaka pofuna kumuvula amalowetsa mwendo wakutsogolo, lamba nakhala mopingasa kuchokera m'khosi kudzera m'khwapa. Poyenda, lambayo amacheka mnofu pang'onopang'ono mpaka kupanga chilonda chakuya chimene chimanunkha, kuchita mphutsi ndi kuvuta kupola. Yachitatu ndi pamene lamba walowa m'kamwa ndi kukola chibwano cham'munsi, mphaka nalephera kutseka pakamwa, kudya kapena kumwa. Palinso ngozi ya kamwana ka mphaka kovekedwa chingwe kali kakang'ono: khosi limakula, chingwe sichikula, ndipo chimamira m'khungu ubweya utabisa.

Nchifukwa chake tikuletsa kotheratu kumanga mphaka m'khosi ndi waya, chingwe cha khonje, luzi, chingwe cha nayiloni, mphira wa chubu cha njinga, kapena lamba wa galu wokhala ndi chitsulo chomangira. Zonsezi siziduka. Mphaka wopanda kanthu m'khosi ali bwino kuposa mphaka wovala zimenezi.

Kodi ngozi zotere zimachitika kawirikawiri? M'chaka cha 2010 akatswiri a ziweto a ku Ohio State University, m'dziko la America, anafalitsa zimene anapeza atatsatira amphaka 538 ovekedwa malamba ogula kwa miyezi isanu ndi umodzi. Amphaka 391 anavala malamba awo nthawi yonseyo, kusonyeza kuti amphaka ambiri amazolowera. Amphaka 18 anakodwa mwendo, pakamwa kapena pa chinthu china. Chiwerengerochi nchochepa, koma tikumbukire kuti amphaka amenewo anali ndi eni ake owayang'ana tsiku ndi tsiku. Mphaka wa kumudzi, amene amatha masiku awiri ali kutchire kapena kudimba, akakodwa alibe womumasula. Kwa iye lamba woduka yekha ndiye yekhayo woyenera.

KUSOKA LAMBA WOYENERA

M'masitolo ena a m'tauni mumapezeka malamba a amphaka okhala ndi chomangira cha pulasitiki chimene chimamasuka chokha chikakokedwa mwamphamvu. Amene angathe agule wotere, ndipo ayese kumukoka ndi manja asanalipire. Amene sangathe asadandaule, pakuti lamba wabwino angasokedwe pakhomo popanda kutaya ndalama.

Dulani kansalu ka thonje kowala mtundu, kopyapyala ngati chala chanu chaching'ono mutakapinda. Lembanipo ndi cholembera chosasuluka dzina la mwini kapena la banja, mudzi, ndi mwezi ndi chaka chimene mphaka analandira katemera. Ngati muli ndi foni, lembaninso nambala yake. Zungulizani kansaluko m'khosi mwa mphaka, koma musamange mfundo. Lumikizani nsonga ziwirizo ndi ulusi wofewa wa thonje, kubaya singano kawiri kapena katatu kokha, kuti pamenepo pakhale pofooka poti paduke.

Musanaveke mphaka, sokani lamba wina woyesera m'njira yomweyo, mumukoleke pa msomali ndi kupachikapo thumba la mapaketi awiri a shuga a kilogalamu imodzi imodzi. Mphaka wamkulu amalemera makilogalamu atatu kapena kuposerapo. Ngati ulusi suduka ndi shuga ameneyo, mwasoka molimbitsa, ndipo muchepetse.

Muyeso wa kuthina kwake ndi zala ziwiri. Zala zanu ziwiri zilowe pakati pa lamba ndi khosi, koma zitatu zisalowe. Akathina amapweteka, akakhwepa mwendo umalowa. Masiku oyamba mphaka amadzikanda ndi kuyesa kuvula, choncho muvekeni masana muli pakhomo, mumpatse chakudya kuti aiwale, ndipo mumuyang'anitsitse. Sabata iliyonse pisani zala pansi pa lamba kuona ngati ubweya ukusosoka, khungu latupa kapena pali chilonda. Ana a mphaka musawaveke mpaka atakula, pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Ngati mphaka wina akana ndithu, namavula nthawi ndi nthawi, mlekeni. Onetsetsani kuti anansi akumudziwa ndipo chiphaso chake cha katemera chasungidwa bwino.

Tsiku lina mphaka adzabwera wopanda lamba. Musakwiye, ndipo musasoke wina molimbitsa. Kusowa kwa lambayo kukusonyeza kuti anakodwa penapake ndipo ulusi unaduka pa nthawi yake. Dulani kansalu kena.

BELU NDI MANKHWALA A NTHATA

Malamba ambiri ogula amabwera ndi kabelu. Ku Ulaya amaika belu pofuna kupulumutsa mbalame, ndipo kafukufuku wofalitsidwa ku Britain mu 2005 anapeza kuti amphaka ovala belu anabweretsa kunyumba tinyama tonga mbewa tochepera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kuyerekeza ndi opanda belu. Kwa ife amene timaweta mphaka kuti alondere nkhokwe, belu ndi mthenga wochenjeza makoswe. Chotsani beluyo. Ngati mphaka akugwira anapiye, tsekerani anapiyewo m'khola lolimba ndipo mphakayo muzimupatsa chakudya.

Palinso malamba okhala ndi mankhwala ophera nthata. Nkhawa ya nthata njomveka, pakuti nthata za makoswe ndizo zimafalitsa mliri wa makoswe, umene unagwa m'boma la Nsanje m'chaka cha 2002. Mphaka wogwira makoswe angathe kubweretsa nthatazo m'nyumba, ndipo iye mwini angadwale mliriwo. Komabe chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mankhwala ambiri ophera nthata ndi nkhupakupa za agalu ali ndi permethrin, amene chiwindi cha mphaka sichitha kumusungunula. Mphaka wopakidwa mankhwala a galu amayamba kunjenjemera, kuchucha dovu ndi kukomoka, ndipo angathe kufa. Momwemonso ndi mankhwala a kudibi la ng'ombe ndi ophera tizilombo ta m'munda: musanyike kansalu m'mankhwala amenewa, musasambitse nawo mphaka. Kumbukiraninso kuti ana amagwira lamba ndi manja, manjawo napita kukamwa. Funsani alangizi a ziweto mankhwala oyenera amphaka. Sesani m'nyumba ndi pogona pa mphaka, musalole mphaka kugona pa mphasa imodzi ndi ana, ndipo mukaona makoswe akufa okha ambiri, musawagwire ndi manja koma kaneneni ku chipatala tsiku lomwelo.

M'maiko ena muli njira ina yozindikirira amphaka, yoika pansi pa khungu kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kokhala ndi nambala ya mwini. Ku England lamulo lakuti mphaka aliyense aikidwe kachipangizoka asanakwane masabata 20 linayamba kugwira ntchito pa 10 June 2024. Njirayi ilibe ngozi ya kunyongeka, koma nambalayo imawerengedwa ndi makina apadera, ndipo mnansi amene wapeza mphaka pafupi ndi khola lake sangaione. Kumudzi chizindikiro chothandiza ndi chooneka ndi maso.

LAMBA SI KATEMERA

Lamba sateteza mphaka ku chiwewe. Amangonena zimene mwini wachita kale. Munthu woveka lamba mphaka wosalandira katemera akunamiza mudzi wonse, ndipo bodza lake lingathe kuphetsa mwana wa mnansi wake. Mphaka ayenera kulandira katemera woyamba ali ndi miyezi itatu, ndi kubwereza chaka ndi chaka monga m'mene alangizi a ziweto amanenera. Mukamva kuti kwabwera katemera wa agalu, tenganinso mphaka. Musamunyamule m'manja, pakuti akaona agalu ambiri adzakukalani ndi kuthawa. Muikeni m'dengu lovindikira kapena m'katoni yoboola mpweya. Sungani chiphaso chake pamodzi ndi mabuku a kuchipatala a ana anu, ndipo mukabwerako lembani mwezi watsopano pa lamba watsopano.

Nanunso amene mwalumidwa kapena kukalidwa, musadalire lamba. Malamba amatha kukhalitsa katemera atatha mphamvu. Tsukani bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri othira moyenderera kwa mphindi 15. Musathire tsabola, phulusa, dothi kapena mankhwala achikuda, ndipo musatemere. Mukatsuka pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Werengani dzina la pa lamba, kauzeni mwini mphaka kuti amutsekere masiku khumi akumupatsa chakudya ndi madzi, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto. Musamuphe mphakayo ngati angathe kutsekeredwa popanda ngozi. Koma mphaka wosintha khalidwe, wolumpha anthu popanda chifukwa, wochucha dovu, wolira mawu achilendo kapena wofa miyendo, musamugwire konse. Tsekerani ana m'nyumba ndi kuitana alangizi.

Katemera wa munthu wolumidwa si wachilendo. Louis Pasteur wa ku France anamuyesa koyamba m'chaka cha 1885 pa mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo mpaka kukula. Kuyambira 2007 dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe pa 28 September, tsiku limene Pasteur anamwalira, ndipo maiko anagwirizana cholinga chakuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wakufa ndi chiwewe chochokera kwa agalu. Katemerayu amagwira ntchito pokhapokha munthu akafika msanga ndi kumaliza jakisoni zonse pa masiku amene wauzidwa.

Mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi angathandize kwambiri pa nkhaniyi. Pa msonkhano wa mudzi gwirizanani mtundu umodzi wa nsalu wa chaka chino, ndi mtundu wina wa chaka chamawa, kuti aliyense, ngakhale wosadziwa kuwerenga, aone ali patali mphaka amene walandira katemera chaka chimenecho. Lembani m'kaundula wa mudzi makomo amene ali ndi agalu ndi amphaka. Phunzitsani ana kuti asasewere ndi mphaka wachilendo, ndiponso kuti akakalidwa anene msanga popanda kuopa kukwapulidwa. Inu amene mwawerenga nkhaniyi muli pa mzere wa sikelo kapena wa mankhwala, mukafika kunyumba yang'anani m'khosi mwa mphaka wanu. Ngati muli waya kapena mphira, dulani lero lomwe, ndipo mufunse alangizi a ziweto tsiku la katemera m'dera lanu.